Ma orbital okongola pa sikirini koma olakwika papepala: gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

Nyengo ya mapulojekiti ikafika ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ndi ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, kapena aphunzitsi a kemisitiri ya A Level ku Highfield, Mufakose ndi Mbare akayamba kukonzera ana manotsi a mayeso a ZIMSEC, dandaulo limene timamva kwa anzathu ndi lomwelomwelo chaka ndi chaka. Chithunzi cha ma orbital, malo amene elekitironi imapezeka mu atomu kapena molekyulu, chinkaoneka bwino pa laputopu, koma pepala litabwera kuchokera kosindikiza m'tauni mbali zotupa zonse za p orbital zada bii, π wasanduka p, ndipo woyang'anira pulojekiti wazunguliza HOMO, orbital yapamwamba kwambiri mwa zokhala ndi maelekitironi, ndi cholembera chofiira kuti si imeneyo. Ambiri amathamangira kunena kuti pulogalamu ndi yowonongeka. Kawirikawiri pulogalamuyo ilibe mlandu: yachita zimene munaiuza, koma siikudziwa ngati zimene munaiuzazo ndi kemisitiri yoona.

Mapulogalamu amene timagwiritsa ntchito ali m'magulu awiri, ndipo kusokoneza maguluwa ndiko kumabala theka la mavutowa. ChemDraw ndi ChemSketch ndi zojambulira basi. Orbital imene mumatenga pa Orbital Tools mu ChemDraw, kapena pa Templates mu ChemSketch mukadina F5, ndi kachithunzi chabe ngati bwalo kapena muvi. Mukajambula kaboni ya ma bond asanu pulogalamu imakuchenjezani ndi kabokosi kofiira, koma mukaika p orbital chadodolido palibe chimene idzanene. Gulu lachiwiri ndi la Avogadro, Jmol ndi GaussView, amene sajambula ma orbital kuchokera m'mutu mwanu koma amaonetsa zimene pulogalamu yowerengera, ORCA kapena Gaussian, yawerengera. Amenewa amalakwika mwa njira yawoyawo, ndipo tifikako.

Tsamba loyera ndi tsamba lodetsedwa

Mbali zotupa za orbital, zimene m'mabuku amazitcha ma lobe, pano tizitcha masamba. Kudetsa tsamba limodzi ndi kusiya lina loyera sikukongoletsa ayi. Kumasonyeza phase, ndiko kuti chizindikiro cha + kapena − cha wavefunction (masamu ofotokoza orbital) pamalopo, ndipo chizindikirochi sichikhudzana ndi chaji ya magetsi. Malo amene chizindikiro chimasinthira, pomwe mwayi wopeza elekitironi ndi ziro, ndiwo node. Wochonga wodziwa ntchito akaona chithunzi chanu amayamba wawerenga ma node asanayang'ane china chilichonse, choncho inunso yambani pamenepo.

Cholakwa chofala kwambiri chimabwera pamene munthu wamanga p orbital ndi chida cha tsamba limodzi, n'kukopera tsambalo ndi kulitembenuza madigiri 180. Zotsatira zake ndi masamba awiri amtundu umodzi, kutanthauza kuti pa nucleus palibe node, chimene sichitheka kwa p. Gwiritsani ntchito chida cha p chenichenicho, chimene chimatulutsa masamba awiri osiyana pakamodzi. Kwa d zinthu zimatembenuka: mu dxy ndi dx²−y² masamba oyang'anizana ndi amtundu umodzi, oyandikana ndiwo osiyana. Mu dz² masamba awiri aataliwo ndi ofanana, mkombero wapakati uja ndiwo wa chizindikiro china. Ndipo poti dxy ndi dx²−y² ndi kachithunzi kamodzi kotembenuzidwa madigiri 45, osasiya mizere ya x ndi y. Masamba a dxy amagona pakati pa mizereyo, a dx²−y² amagona pamizere penipeni. Popanda mizereyo palibe angadziwe imene mwajambula, ngakhale inu eni ake pakatha sabata.

Chiwerengero cha ma node onse a orbital ya atomu ndi n − 1, pomwe n ndi nambala ya m'dzina la orbital, monga 3 mu 3p. Mwa amenewa, l (0 kwa s, 1 kwa p, 2 kwa d) ndi odula ngati mpeni kupyola pa nucleus, ndipo otsalawo, n − l − 1, ndi ozungulira ngati chigoba cha dzira. Ndiye kuti 2s ili ndi node imodzi yozungulira, 3p ili ndi imodzi yodula ndi imodzi yozungulira, 3d ili ndi ziwiri zodula zokhazokha. Zida za m'mapulogalamu ojambulira zimangopereka maonekedwe a 1s, 2p ndi 3d. Funso likafuna 3p, kukuza 2p sikuyankha. Ikani p yaing'ono mkati mwa yaikulu, ndipo phase ya yaing'onoyo ikhale yotembenuka poyerekeza ndi tsamba lalikulu la mbali imeneyo.

Pa mamolekyulu a ma π ambiri ndi pamene Ctrl+C ndi Ctrl+V zimapweteketsa anthu. Tengani butadiene. Muli maatomu anayi a kaboni, choncho ma orbital a π ndi anayi, ndipo ma node odula mzera wa kaboni amakwera motere: 0, 1, 2, 3. Musanakhudze mausi lembani papepala zizindikiro za masamba apamwamba: ψ1 ndi + + + +, ψ2 ndi + + − −, ψ3 ndi + − − +, ψ4 ndi + − + −. Maelekitironi a π ndi anayi, motero HOMO ndi ψ2 ndipo LUMO, orbital yapansi kwambiri mwa zopanda maelekitironi, ndi ψ3. Mukakopera mzera wa ψ1 katatu n'kumatembenuza ma p mosayang'ana papepalapo, ψ3 ndiyo imalakwika kawirikawiri, imatuluka + − + + kapena zina zotere zimene sizilemekeza symmetry ya molekyuluyo. Chithunzi chilichonse cha butadiene chiyenera kukhala chofanana kapena chotembenuka ndendende mukachipinda pakati. Chikakanika mayeso amenewa, ncholakwika.

Kukula kwa masamba nakonso kumayankhula. Mwa njira ya Hückel ya mu 1931, ma coefficient a butadiene, manambala osonyeza kukula kwa p pa kaboni iliyonse, ndi 0.37 ndi 0.60. Mu ψ1 apakati ndiwo aakulu, 0.37, 0.60, 0.60, 0.37, koma mu HOMO ndi LUMO akunsonga ndiwo aakulu, ndipo chimenechi ndicho chimafotokoza chifukwa chake Diels-Alder imagwira pa kaboni 1 ndi 4. Kukoka ndi mausi kumapereka kukula kosiyanasiyana kopanda tanthauzo. Jambulani p imodzi yaikulu, ikopereni, ndipo kope lija lichepetseni ndi Object, Scale kufika pa 62 peresenti, poti 0.37 kugawa ndi 0.60 ndi pafupifupi pamenepo. Ma p awiri amenewa akhale chikombole cha chithunzi chonse. Pa allyl samalani ψ2: ma coefficient ake ndi 0.71, 0, −0.71, ndiye kuti pa kaboni yapakati simuikapo orbital, mumangodutsitsapo mzere wodukizadukiza wa node.

Zikasuntha, zikabisa zilembo

Izi ndi zosavuta. Orbital yoyera mu ChemDraw si galasi, ili ndi mtundu wa pepala mkati, choncho imaphimba chilembo cha atomu ndi bond imene ili pansi pake. Isankheni ndipo chitani Object, Send to Back. Pa molekyulu yogona chammbali ngati ethene, tsamba lapamwamba likhale kutsogolo kwa ma bond ndipo lapansi likhale kumbuyo, apo ndi pokhapo pamene kumanga p ndi masamba awiri olekana kuli ndi phindu, bola mukumbukire kuwasiyanitsa mtundu.

Ngati ma orbital atsala m'malere pamene molekyulu yasuntha, ndi chifukwa cha ndondomeko ya ntchito. Clean Up Structure imakonza maatomu ndi ma bond, ma orbital siwaganizira. Malizani mafupa a molekyulu kaye, ikani File, Apply Document Settings from, ACS Document 1996 ngati ndi imene dipatimenti yanu ikufuna, chifukwa imasintha utali wa bond kukhala 14.4 pt, kunenepa kwa mzere 0.6 pt ndi zilembo kukhala Arial 10 pt. Kenako ikani ma orbital, poyamba kukoka mausi ali pa atomu penipeni kuti node igwere pa nucleus. Pomaliza sankhani zonse ndi kuzimanga pamodzi ndi Ctrl+G. Potembenuza musadalire dzanja: Ctrl+R imakulolani kulemba madigiri, 180 kwa sp, 120 kwa sp². Ya sp³ ndi 109.5 m'malo enieni, koma papepala lafulati simungaikwaniritse mbali zonse zinayi, choncho masamba awiri agone papepala, limodzi lidze kutsogolo, lina lipite kumbuyo lobisika pang'ono.

Makwerero a mphamvu

Chithunzi cha milingo ya mphamvu ya MO (ma orbital a molekyulu) ndi mizere yaifupi, mizere yodukizadukiza ndi mivi, palibe chida chapadera. Vuto loyamba ndi la kukopera chithunzi cha O₂ n'kuchigwiritsa ntchito kwa N₂ pongochotsa maelekitironi awiri. Mndandanda wake ndi wosiyana. Kuyambira Li₂ mpaka N₂, 2s ndi 2p zili pafupi mokwanira kusakanikirana, ndipo σ yochokera ku 2p imakankhidwira pamwamba pa ma π awiri aja. Kwa O₂ ndi F₂, σ ili pansi pa π. Sungani mafayilo awiri osiyana, mayina awo anene poyera kuti ili ndi la B₂, C₂, N₂ ndipo ili ndi la O₂, F₂. Kuti mudziyese, B₂ iyenera kutuluka ndi maelekitironi awiri osakwatirana mu π, O₂ iyenera kutuluka ndi awiri osakwatirana mu π* ndi bond order 2, N₂ bond order 3 popanda wosakwatirana. Zikapanda kutero, mwatenga fayilo yolakwika.

Milingo yofanana mphamvu iyenera kukhala pamzera umodzi ndendende. Maso amanama, makamaka pa sikirini yaing'ono, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi papepala kumawerengedwa kuti ma π awiri ali ndi mphamvu zosiyana. Sankhani mizereyo ndipo gwiritsani ntchito Object, Align. Orbital ya antibonding ikwere pamwamba kuposa mmene ya bonding yatsikira, osati mofanana. Kwa CO ndi NO milingo ya okosijeni ikhale pansi pa ya mnzakeyo. Pa kugawanika kwa d mu octahedral, pomwe Δo ndi mpata wa mphamvu pakati pa magulu a eg ndi t2g, ma eg awiri amakwera 0.6 Δo ndipo ma t2g atatu amatsika 0.4 Δo: ngati Δo yonse mwaipatsa masentimita 5, mzere wodukizadukiza wapakati ukhale masentimita 3 pansi pa eg ndi masentimita 2 pamwamba pa t2g. Ambiri amauika pakatikati, ndipo chithunzi chotero chimatsutsana ndi masamu a CFSE (crystal field stabilisation energy) amene ali pansi pake patsamba lomwelo.

Mndandanda wa ma orbital uli mbee mu Avogadro

Mwajambula molekyulu mu Avogadro, mwatsegula Create Surfaces, koma HOMO ndi LUMO palibe. Palibe chawonongeka. Fayilo ya .mol, .xyz kapena .cdx imangosunga malo a maatomu, mulibe wavefunction. Muyenera kuwerengera kaye. ORCA ndi yaulere kwa ophunzira ndi ofufuza mukalembetsa, ndipo kwa ethene mizere iwiri iyi ikukwana:

! B3LYP def2-SVP Opt
* xyzfile 0 1 ethene.xyz

Ikamaliza mumapeza fayilo ya .gbw, imene imasunga ma orbital. Lamulo la orca_2mkl ethene -molden limatulutsa ethene.molden.input, ndipo pulogalamu yoonetsera ikakana kuizindikira, chotsani mawu akuti .input kumapeto kwa dzinalo. Njira ina ndi orca_plot ethene.gbw -i, imene imakufunsani nambala ya orbital ndi mtundu wa fayilo, musankhe cube. Wa Gaussian asinthe .chk kukhala .fchk ndi formchk, chifukwa .chk yosasintha mapulogalamu ena saiwerenga.

Muno mu Harare magetsi akathima kuwerengera kuli mkati, fayilo ya .gbw imatsalabe m'foda ndipo imatha kutseguka ngati yabwino, pamene molekyulu inali isanafike pa maonekedwe ake omaliza. Musajambule kanthu musanatsegule fayilo ya .out, ya zotsatira za kuwerengera, ndi kuona mawu akuti ORCA TERMINATED NORMALLY kumapeto kwake, komanso kuti optimization inafika pa convergence, ndiko kuti molekyulu inafika pa maonekedwe ake omaliza.

Kuphonya HOMO ndi nambala imodzi

Ili ndi vuto lopweteka chifukwa chithunzi chimatuluka chokongola, ndi cha orbital yeniyeni, kungoti si imene munalemba pansi pake. Gaussian imawerenga ma orbital kuyambira pa 1, ORCA kuyambira pa 0. Ethene ili ndi maelekitironi 16, ma orbital odzaza ndi 8, choncho HOMO ndi nambala 8 mu Gaussian koma 7 mu ORCA. Mukalemba 8 mu orca_plot mumalandira LUMO, π* ya masamba anayi, m'malo mwa π ya masamba awiri. Madzi ali ndi maelekitironi 10: HOMO ndi 5 kapena 4. Butadiene ili ndi 30: ndi 15 kapena 14. Benzene ili ndi 42: ndi 21 kapena 20. Chosokoneza china nchakuti fayilo ya molden yochokera ku ORCA ikatsegulidwa mu pulogalamu yowerenga kuyambira pa 1, manambala amasunthanso ndi imodzi. Njira yodalirika ndi kutsegula .out, kufufuza mutu wa ORBITAL ENERGIES, ndi kuona mzere womaliza wokhala ndi 2.0000 pansi pa OCC. Mu ntchito ya Opt tebulo limeneli limabwera kangapo, tengani lomaliza. Kenako werengani ma node a chithunzicho muone ngati akugwirizana ndi zimene munalemba papepala poyamba paja.

Kwa O₂ lembani 0 3 m'malo mwa 0 1 pa mzere wa xyzfile uja, chifukwa ndi triplet, ya maelekitironi awiri osakwatirana. Pamenepo ma orbital amabwera m'magulu awiri, a alpha okhala ndi maelekitironi 9 ndi a beta okhala ndi 7, ndipo muyenera kunena gulu limene chithunzi chanu chachokera. Musaganizenso kuti HOMO nthawi zonse ndi π: mu formaldehyde HOMO ndi ya maelekitironi osamanga bond a pa okosijeni, yogona m'bwalo lafulati (plane) la molekyulu, ndipo π ili pansi pake.

Masamba akatupa mpaka kumeza molekyulu yonse, kapena akafota n'kutsala timadontho, nkhani ndi ya isovalue, nambala youza pulogalamu pamene ijambule malire a tsamba. Nambala ikachepa masamba amakula, ikakwera amachepa. Yambani pa 0.02, ndipo molekyulu ikakhala yaing'ono kapena mukafuna kuti ma node aoneke bwino kwerani kufika 0.05. Chofunika ndi chakuti zithunzi zonse zoyerekezana zikhale pa nambala imodzi, ndipo nambalayo ilembedwe pansi pa chithunzi. Kuonetsa HOMO pa 0.02 ndi LUMO pa 0.05 n'kunena kuti HOMO ndi yotambalala ndi kunamiza wowerenga, ngakhale simunafune kutero. Masamba okhala ndi ngodyangodya ngati mwala wosasema amachokera ku grid, ukonde wa timfundo towerengerapo orbital, ya timfundo totalikirana. Ya orca_plot imayambira pa 40 mbali iliyonse, timfundo 64,000. Ikwezeni kufika 80, timfundo 512,000, fayilo imodzi idzakhala pafupifupi 6 mpaka 7 MB, zimene muyenera kuziganizira ngati mukutumiza mafayilo khumi pa bandulo ya foni. Masamba odulidwa mowongoka ngati ndi mpeni afika pakhoma la bokosi la grid, zomwe zimachitika kwambiri kwa LUMO pamene basis set, monga def2-SVP ija, ili yowonjezera ma diffuse functions otambalala kutali. Kwezani isovalue kapena kuzani bokosilo.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amataya nazo masiku akuyesa kukonza pamene sizinalakwike. Choyamba, mitundu kusinthana: dzulo tsamba lapamwamba linali lofiira, lero ndi labuluu. Wavefunction ikachulukitsidwa ndi −1 imakhala yomweyo, choncho chofunika ndi kusiyana kwa masamba oyandikana basi. Sinthani mitunduyo mu pulogalamu yoonetsera kuti zithunzi zanu zigwirizane. Chachiwiri, ma HOMO awiri a benzene kuoneka opendekeka mosiyana ndi a m'buku. Ali ndi mphamvu yofanana, ndipo kusakaniza kulikonse koyenera kwa awiriwo ndi yankho lovomerezeka. Aonetseni onse awiri limodzi, nambala 20 ndi 21 mwa kuwerenga kwa Gaussian, osati imodzi yokha.

Chachitatu ndicho chimakhumudwitsa aphunzitsi ambiri: mu methane simupezamo ma sp³ anayi, ndipo m'madzi simupezamo makutu awiri a kalulu aja a maelekitironi osamanga bond pa okosijeni. Kuwerengera kumapereka ma orbital ofalikira molekyulu yonse. Mu methane, kupatula 1s ya mkati ya kaboni, muli imodzi yapansi ya a1 ndi zitatu zofanana mphamvu za t2. M'madzi HOMO ndi 1b1, imene ili pafupifupi p yeniyeni ya okosijeni yoima chopingasa ndi bwalo la molekyulu. Ngati phunziro lanu ndi la hybridisation, pemphani ma orbital a localized, okhazikika pa bond kapena atomu imodzi, mwa njira ya Foster-Boys kapena Pipek-Mezey kudzera mu %loc ya ORCA, kapena ingojambulani mu ChemSketch n'kulemba kuti ndi chithunzi chophunzitsira. Chimene sitivomereza ndi kuika chithunzi chojambula pamanja pambali pa mphamvu zochokera ku ORCA ngati kuti zonse zachokera kumodzi.

Kosindikiza

Chofiira ndi chabuluu zimasiyana bwino pa sikirini, koma pa pulinta ya inki yakuda yokha zonse zimasanduka zotuwa zofanana, ndipo phase yonse imene munaivutikira ija imafafanizika. Kudetsa kwapang'onopang'ono kwa mtundu wa shaded nako kumada bii pa fotokope, makamaka ikakhala fotokope ya fotokope inzake monga mmene manotsi amayendera m'kalasi. Pa chilichonse chopita papepala sankhani tsamba loyera ndi tsamba lakuda kotheratu. Pa zithunzi za Avogadro kapena Jmol sankhani mtundu umodzi wowala kwambiri ndi wina wakuda kwambiri, kumbuyo kukhale koyera, osati kwakuda monga zimayambira. Mizere ya 0.6 pt ndi yabwino m'magazini a sayansi, koma pa manotsi a ana ikwezeni kufika 1 pt.

Zoti π yasanduka p ndipo σ yasanduka s zimachokera ku font ya Symbol. Mu font imeneyi π ndi chilembo p chovala chovala china, ndipo kompyuta ya kosindikiza ikasowa font imeneyo, kapena munthu akasankha zonse n'kusintha kukhala Arial, chovalacho chimavuka. Mu kemisitiri ya ma orbital ili si vuto laling'ono, chifukwa p ndi s ndi mayina a ma orbital enanso, choncho wowerenga sazindikira kuti pasokonekera, amangoona cholakwa. Timivi ta theka ta maelekitironi tolembedwa ngati zilembo timasanduka timabokosi pa chifukwa chomwecho. Tijambuleni ndi chida cha mivi cha mutu wa mbali imodzi. Fayilo ya Word musapite nayo kosindikiza. Isandutseni PDF pa kompyuta yanu yomwe, itseguleni, ikuzeni kufika 400 peresenti, ndipo yang'anani π* iliyonse ndi mkombero wa dz² uliwonse. Ngati orbital yodetsedwa yasokonekera poimata mu Word, itulutseni ngati PNG ya 600 dpi n'kuilowetsa ngati chithunzi, ndipo sungani fayilo ya .cdx kapena .sk2 padera kuti mudzathe kukonza. Potumizira wosindikiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi imachifinya ndipo mizere yodukizadukiza ya ma node ndiyo imayamba kusowa. Mukafika pa shopu pemphani tsamba limodzi lokha la ma orbital ambiri, lichititseni fotokope pomwepo, ndipo muwerenge ma node a ψ3 pa fotokopeyo musanalole kuti asindikize makope 40 a kalasi yonse.